Chigoba cholembedwa .30-06 koma sichilinso .30-06

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene malemu agogo ake anamusiyira mfuti ya Arisaka Type 99. Zigoba za zipolopolo za mfutiyi, za 7.7x58, zikumusowa, ndiye akufunsa ngati angaumbe zake kuchokera ku zigoba za mtundu wina, wa .30-06. Achimwene, mwandikumbutsa kutali.

Yanga inali Mauser ya ku Argentina ya 1891, ya 7.65x53. Ndinaikonda tsiku lomwelo ndinakoka bolt yake (chotsekera chipolopolo mu mfuti) n'kumva ikutsetsereka ngati yapangidwa dzulo. Ndinatenga zigoba 20 za .30-06, zomwe n'zotalika mamilimita 63, ndili ndi maganizo oti ntchito yonse ndi kudula mamilimita 10 basi. Choyamba ndinachipaka mafuta ochuluka, phewa lake linatuluka mu die, chitsulo choumbira zigoba, lili ndi timaenje ngati lalumidwa. Chachiwiri ndinachimana mafuta, chinakakamira mkati, ndipo ndinachezera usiku kuchichotsa manja akuwawa.

Koma zomwe zinandiopsa zenizeni ndi zija zinatuluka zosalala bwino. Ndinaika mutu wa chipolopolo pa chimodzi, chopanda onga, n'kuyesa kutseka bolt. Inalimba. Poyeza khosi ndinapeza kuti n'lochindikala. Mukakankhira phewa m'munsi, khosi latsopano limachokera ku brass (chitsulo cha chigoba) yomwe kale inali phewa ndi thupi la chigoba, ndipo kumeneko n'kokhuthala. Khosi lotere likathina mu chamber, malo okhala chipolopolo mu mfuti, limalephera kufutukuka kuti limasule chipolopolo, ndiye mphamvu ya onga imakwera mopitirira muyeso, nkhope yanu ili pomwepo. Tsiku limenelo ndikanaika onga, kaya. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi aliyense wouza anzake kuti "ingodulani, lowetsani mu die, mwatha." Ameneyo akuseweretsa maso a anthu ena.

China chimandidetsa nkhawa ndi zolemba za pansi pa chigoba. Mwachiumba, mwachifupikitsa, koma chikunenabe kuti .30-06. Inu mukudziwa, nanga mwana wanu amene adzatsegule bokosilo inu kulibe? Ine zanga ndimazipaka utoto wofiira pansi ndipo bokosi ndimalilemba mbali zonse. Komanso si chilichonse chimaumbika kuchokera ku .30-06. Ya ku Sweden ija, 6.5x55, tsinde lake n'lokulirapo pang'ono, ndipo zigoba zake zimapezeka, ndiye kuvutikiranji?

Za kuwotcha khosi

Brass ya zigoba ndi magawo 70 a mkuwa ndi 30 a zinc. Mukamaipinda imauma, ikauma imang'aluka. Kutenthetsa khosi ndi phewa kumaifewetsanso. Khosi ndi phewa pokha! Tsinde ndi lomwe limanyamula mphamvu yonse, likafewa chigobacho chitayeni, musachimvere chisoni.

Tsono funso lanu, achimwene: inde, 7.7x58 imatheka kuchokera ku .30-06. Mafuta pang'ono, lowetsani mu die ya 7.7 pang'onopang'ono, dulani kufika muyeso wa m'buku la miyeso ya zipolopolo, yezani khosi mutu uli momwemo, ndipo palani ngati lachindikala. Mutu wa chipolopolo cha 7.7 kunenepa kwake ndi inchi .311 kapena .312, osati .308 ngati wa .30-06. Mukaombera koyamba tsinde litha kutupa pang'ono, liyang'anitsitseni. Onga yambani ndi muyeso wotsikitsitsa wa m'buku. Koma musanachite zonsezi, mfuti ya agogoyo ikaonedwe kaye ndi mmisiri wa mfuti, ayeze chamber, chifukwa ma Arisaka ena anasinthidwa nkhondo itatha.