"Umuna wapoizoni": yankho langa kwa achimwene a ku Nkhotakota

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amatsogolera kagulu ka abambo pa doko lina kufupi ndi Chia. Ndaidula, koma mtima wake ndi uwu:

"Tidaitanidwa ku maphunziro a masiku awiri ku Salima okhudza nkhanza za m'banja. Wophunzitsa ankangobwereza mawu a Chingerezi akuti toxic masculinity. Womasulira atasowa pogwira adati 'umuna wapoizoni'. Holo yonse idafa nalo phwete. Kuseka kutatha ena adapsa mtima, ndipo alovi (asodzi) atatu adatuluka osabweranso ngakhale kudzasainira alawansi. Ine ndidati mawuwa asinthidwe chifukwa akunyoza amuna tonse. Mayi wina amene timagwira naye ntchito adandiyankha kuti amunafe timangofuna kunyengereredwa ngati makanda, ndipo kusintha mawu n'kubisa nkhanza. Mpaka lero moni wathu ndi wapakamwa chabe. Mawuwa asinthidwe kapena ayi?"

Achimwene, poyamba ndimumvere chisoni womasulira uja. Adamupatsa katundu wopanda pogwirira. Tonse tikudziwa chimene liwu loti umuna limatanthauza m'Chichewa, ndipo si chinthu chotchula pa holo pamene pakhala akuluakulu, amfumu ali kutsogolo. Mlovi amene wakhala zaka zambiri akulozedwa chala pa nkhani ya kachilombo, zikwangwani zonse za pa doko zikunena za iye, akamva kuti umuna wake ndi poizoni saganiza za khalidwe. Amaganiza za magazi ake, za mkazi wake, za ana amene adabereka. Wophunzitsa ankanena za kummawa, anthu adamva za kumadzulo, ndiye atatu aja atatuluka ine sindingawaweruze.

Mwina muzizwa kumva kuti mawu a Chingerezi aja sadayambe ndi amayi odana ndi amuna. Adamveka koyamba ku America m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, m'magulu a abambo okhaokha amene ankasonkhana kukambirana za kukula wopanda chikondi cha atate awo, ndipo dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la Shepherd Bliss. Cholinga chawo chidali kusiyanitsa uchamuna womanga ndi uchamuna wowononga mwini wake yemwe. Mawuwa adadzafalikira dziko lonse cha m'ma 2017, nthawi ya #MeToo, pamene amayi ambiri ankaulula pa intaneti za nkhanza zogonana zimene adachitidwa, ndipo mu Januwale 2019 kampani ya malezala ya Gillette itatulutsa uthenga wamalonda wodzudzula makhalidwe ena a amuna, mkangano udabuka womwe uja wabuka pakati pa inu ndi mayi aja. Ndiye musadzione ngati otsalira. Eni chilankhulo nawonso sadagwirizane.

Oikira kumbuyo mawuwa amati: ukanena kuti nsomba yowola sudanene kuti nsomba zonse zawola, wangopatula imodzi. Pa galamala akunena zoona. Koma ife kuno kunyanja tidakula ndi mwambi woti ikawola imodzi zawola zonse, ndipo khutu la munthu limamva mwambi kuposa galamala. Mawu amene amafuna mphindi khumi zowafotokozera kuti "ayi, sitikunena inuyo" agonja kale asadayambe ntchito.

Choncho pa funso lanu yankho langa ndi lakuti inde, pa doko, pa bwalo la amfumu, mu kalasi ya anyamata, mawu amenewo asiyeni. Koma musafulumire kukawerengera mayi aja nkhani ino mokondwa, chifukwa chifukwa changa si chanu. Inu mwati asinthidwe popeza akupweteka. Ine kupwetekako sikukundidetsa nkhawa kwenikweni. Vuto langa ndi lakuti saloza kanthu. Bambo amene adamenya mkazi wake usiku wa dzulo angathe kukhala mu holo muja, kugwedeza mutu kuti eya uchamuna woipa ndi woipadi, kudya mpunga ndi chambo masana, n'kubwerera kwawo osamva kuti atchulidwa. Pamene wina amene sadakwezepo dzanja pa munthu watuluka ataipidwa. Khoka lotero lakola chiyani?

Mayi aja ali ndi pamene alasa, ndipo alasa kwambiri. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene adakhalapo pabanja adachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana, kapena kuzunzidwa m'maganizo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja tidali nalo kale kuyambira 2006, la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi lidabwera mu 2013, la maukwati mu 2015, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe. Malamulo alipo. Chimene chimawafooketsa ndi lilime lathu lomwe, pakuti ndife akatswiri pokutira zoipa m'mawu ozuna. Kumenya timati kuphunzitsa mwambo, ena mpaka amati ndi mankhwala a banja. Mkazi akabwera ndi diso lotupa ankhoswe amati banja n'kupirira. Kugona ndi mwana wongotha msinkhu kudapatsidwa dzina loti kusasa fumbi, ngati kuti munthu akusesa pakhonde. Mayi amene wamva mawu ofewa chotere moyo wake wonse, akamva bambo akuti "tisinthe mawu", ali ndi chifukwa chokayikira kuti akufuna bulangete lina lofunditsa nkhani.

Ndiye muyeso wanga ndi uwu, ndipo ndidauphunzira poona mawu ena amene tasintha kale m'dziko muno. Tili ana tinkati napweri kapena mzungudala, lero timati munthu wachialubino. Tinkati opunduka, lero timati anthu aulumali. Tidachita bwino, chifukwa mayina akale aja ankamenya munthu pa chimene adabadwa nacho. Koma palibe adapemphapo kuti liwu loti wakuba lisinthidwe poti akuba akukhumudwa nalo. Chidyamakanda ndi liwu lolasa, lochititsa manyazi, ndipo likhale choncho, chifukwa limanena chimene munthu wachita. Wogwirira ndi wogwirira. Nkhanza ndi nkhanza. Liwu loloza ntchito ya manja a munthu lisafewetsedwe. Loloza chibadwa chake ndiye lichoke. "Umuna wapoizoni" lili mbali ya chibadwa, kaya eni ake afuna kaya sadafune, monganso "amuna ndi agalu" amene ndimawaona pa Facebook tsiku lililonse. (Mkwiyo wa mawu amenewa ndimaumvetsa. Ku South Africa #MenAreTrash, kutanthauza kuti amuna ndi zinyalala, idafalikira mu 2017 mtsikana wotchedwa Karabo Mokoena ataphedwa ndi chibwenzi chake. Munthu wolira sumamusankhira mawu. Koma mawu a pamaliro si amene umaphunzitsira mwana wako wamwamuna.)

Tsopano ndifike pamene pandipweteka ine, pamene imelo yanu sidakhudze. Mwakwiya ndi liwu lachilendo limene mudalimva masiku awiri mu holo. Nanga amene timatukwanirana tokha chaka chonse?

Mwamuna akatha zaka zitatu m'banja popanda mwana, timamutcha gojo. Pa bawo amanong'ona kuti adagwa mu mpapaya. Achipatala amati pa maanja osowa mphatso, vuto limapezeka mbali ya mwamuna pafupifupi theka la nthawi, ndipo mavuto ena amachizika. Koma ndani angapite kukayezetsa, kukafola pamzere, akudziwa dzina limene likumudikira? Ndiye mlandu umagwera mkazi, amamwetsedwa mizu ya mtundu uliwonse, mwina n'kusiyidwa, mwina achibale n'kukonza za fisi mwachinsinsi. Zonsezo pothawa liwu la zilembo zinayi.

Bambo akabereka mwana kumbuyo kupita naye ku sikelo chifukwa mayi adwala, amati adadyetsedwa khuzumule. Akapereka ndalama ya usipa kwa mkazi wake kuti asunge, m'malo moithera pa kachasu tsiku lomwelo, amati adaikidwa m'botolo. Ndipo pano ndinene mosapsatira, achimwene, mukauzenso mayi aja: mawu amenewa samachokera kwa amuna okha. Pa mjigo amamveka. Amayi ake a mwamunayo ndi alongo ake ndiwo amayamba kufunsa kuti mwana wathu mwamudyetsa chiyani. Tonse tili m'bwato limodzi pa nkhani iyi.

Mwezi wa Juni kapena Julayi mwera ukamawomba, mlovi wanzeru akayang'ana nyanja n'kunena kuti lero ine sindilowa, anzake amamufunsa ngati wavala chitenje. Mnyamata wa zaka 19 sangapirire funso lotero. Amakwera. Inu amene mumakhala pa doko mukudziwa bwino kuposa ine kuti ndi maliro angati adayamba ndi nthabwala ya mtundu umenewu. Kumtunda nako n'chimodzimodzi: mwamuna salira, mwamuna sadandaula, mwamuna amafa ndi chake mumtima. Mu 2020 apolisi adalengeza kuti chiwerengero cha anthu odzipha chidakwera ndi 57 peresenti poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, ndipo ochuluka zedi adali amuna. Ngongole, banja, ulova. Munthu wakhala miyezi akusenza yekha chifukwa tidamuuza ali mwana kuti misozi ndi ya akazi.

Palinso ena amene samanyoza, amayamikira, ndipo ndi amene ndimawaopa kwambiri. Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Tonde azinunkha. Timawanena tikuseka, koma ndi chilolezo chimene timapatsa mnyamata asadachipemphe. Wogula nsomba wamkazi akafika pa doko nsomba zili zochepa, mwini bwato n'kunena kuti ndalama yokha sikwanira, m'mutu mwake muli mwambi womuuza kuti akuchita chamuna. Ngati mukufuna mawu oyenera kuikidwa m'manda, yambani ndi amenewa.

Ndiwonjezepo kanthu kena kamene ophunzitsa ochokera kutali amakaiwala. Kuno kwathu mwamuna nthawi zambiri ndi mkamwini. Amamanga nyumba pa malo a eni, amalima munda wa apongozi, ana ake mwini mbumba ndi malume awo, ndipo mwambi umamukumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Izi sizimupatsa ufulu womenya munthu, ndipo akamwini ankhanza alipo ambirimbiri. Koma ukamuuza bambo wotere kuti ali ndi mphamvu zopitirira muyeso, iye akuyang'ana kumbuyo kuti akunena ndani. Mawu osokedwera thupi lina sangamukwane.

Mudziwa chilumba cha Mbenji kuno ku Salima, m'dera la Gogo Chalo Makanjira. Chaka ndi chaka usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala, n'kudzatsegulidwa cha mu Epulo ndi mwambo. Pa chilumbapo mowa saloledwa, chamba ayi, juga ayi. Akazinso saloledwa kufikapo, imene ndi nkhani ina yofuna tsiku lake. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti alovi omwe aja, amene timati ndi osamva, amamvera malamulo okhwima chotere kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Palibe amawauza kuti ulovi wawo ndi poizoni. Amauzidwa chinthu ndi dzina lake: ichi usachite, ukachita uchoka. Amuna sathawa mawu olimba. Amathawa mlandu umene sakudziwa kuti adapalamula liti.

Ndiponso liwu loti chamuna musalitaye, musalisiyire anthu ankhanza kuti likhale lawo. Agogo anga ankati wachita chamuna pouza munthu amene wapulumutsa mnzake m'madzi, kapena walera ana a mchimwene wake womwalira mpaka onse atamaliza sukulu. Ngakhale mayi wolimba mtima ankamunena choncho. Liwu limenelo lidakalipo m'kamwa mwa anthu, silifuna womasulira, ndipo mnyamata aliyense amafuna kulimva likunenedwa za iye. Funso lokambirana pa kagulu kanu n'lakuti lizinenedwa pa zinthu ziti.

Mayi aja apiteni nokha, musadikire kuti ayambe ndi iwo. Auzeni kuti liwu la mu holo lija mwalisiya, koma loti nkhanza simulikhudza, ndipo mukalitchula pamaso pa anzanu ngakhale wolakwayo akhale mwini khoka la chilimira amene amakupatsani ganyu. Ndikukhulupirira kuti chimene ankaopa n'chakuti muthawa pamenepo. Kenako mukafunefune alovi atatu aja, mukhale nawo pansi pa thandala tsiku limene mwera waletsa ntchito, muwafunse mayina onse amene adatchulidwapo chiyambire ubwana wawo chifukwa chokana kuchita chinthu. Lembani m'kope. Mudzanditumizire, chifukwa ndikudziwa kuti a ku Nkhotakota muli ndi ena amene ife a ku Salima sitidawamvepo. Ndipo womasulira uja mukadzakumana naye pa Kamuzu Road, mumugulire Fanta.