Zaka Zitatu Mtima Sukondwa: Kodi Ndi Matenda?

Funso: Ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Chawama ndipo ndimagulitsa salaula kumsika wa Soweto. Kwa zaka zitatu tsopano mtima wanga sukondwa, tulo sitibwera, ndipo ndimadzuka nditatopa kale. Komabe kumsika sindijomba, ana ndimawaphikira. Apongozi anga amati ndi chibadwa changa. Kodi pali chifukwa chopitira kuchipatala?

Yankho: Amayi, chifukwa chilipo. Zimene mwalongosolazi zikufanana ndi vuto limene madokotala amalitcha dysthymia, ndiko kukhumudwa kosagwetsa munthu pamphasa koma kokhalitsa kwa zaka 2 kapena kuposerapo. Kuopsa kwake kwagona pa mfundo yomwe mwaitchulayo: popeza munthu amagwirabe ntchito, achibale ake ngakhalenso mwiniwakeyo amaona ngati ndi khalidwe chabe, ndipo zaka zimangopita asanathandizidwe.

M'zaka zimenezo thupi limavulala pang'onopang'ono. Anthu ovutika maganizo kwa nthawi yaitali amadwala kwambiri matenda a mtima ndi a shuga poyerekeza ndi anzawo, mwa zina chifukwa kusowa tulo, kudya mosalongosoka ndi nkhawa yosatha zimafooketsa thupi, komanso chifukwa munthu wotaya mtima amagwa ulesi kumwa mankhwala amene anapatsidwa, kaya a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV. Ena amayamba kumwa mowa kuti agone. Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chakuti ambiri a iwo, tsiku lina maliro kapena ngongole zikawafikira, amagwera m'kukhumudwa kwakukulu pamwamba pa kwakale kuja, ndipo apo maganizo ofuna kudzipha amayandikira.

Yambirani kuchipatala cha kwanuko ku Chawama, muwauze mosabisa kuti vutoli latha zaka zitatu, ndipo mupemphe akupimeni magazi, poti kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro nazonso zimatopetsa motere. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka, kapena ku Chainama Hills, chipatala cha matenda a maganizo, ndipo dzina la Chainama lisakuopseni, pakuti ambiri amangokaonana ndi dokotala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Thandizo lake ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala monga fluoxetine, amene amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti mphamvu yake imveke bwino, choncho musawasiye msanga. Maganizo odzipha akakufikirani, uzani munthu amene mumamukhulupirira akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale uli usiku.