Kwa achimwene amene mukuti zithunzi zanu zikungofanana

Achimwene, funso lanu limene mwaponya muno m'gulu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwakhala mukujambula zaka zitatu, anthu amakuyamikirani ndithu koma inuyo mukatsegula zithunzi zanu mumaona ngati ndi chithunzi chimodzi chomwecho chongobwerezabwereza, nde mukufunsa kuti mugule kamera iti, muziedita ndi pulogalamu yanji, komanso makasitomala muziwapeza bwanji. Za makasitomala ndi mapulogalamu ena akuyankhani kale, ine ndilankhulapo pa chimodzi chokha, cha zithunzi kufananacho, chifukwa matenda amenewo ndinadwalapo ndipo anandidyera zaka zanga.

Choyamba musagule kanthu panopa, ndalamayo isungeni kaye. Ndaona ena pamwambapa akuti gulani full frame, kamera ija ya sensa yaikulu, wina akuti Sony, wina akuti Canon, wina wafika mpaka pokulonjezani ma preset ake, masetingi aja okonzeratu oeditira zithunzi. Ndi anthu abwino ndipo akufuna kukuthandizani, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wakufunsani kuti kodi mumajambula chani ndipo mukamajambula mumakhala mutaima pati. Kamera yatsopano idzakupatsani zithunzi zomwezo zimene zakutopetsanizo, kungoti zidzakhala zowala bwinoko.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Ine ndinayamba nthawi ya filimu, ija yotenga zithunzi 36 basi, ukamaliza ukatsukitse nkudikira kuti uone ngati chilipo chatuluka. Atabwera makamera a digito ndinasangalala kwambiri, ndipo patapita zaka zingapo ndinatenga ngongole nkugula lenzi yaikulu ija ya 70-200mm f/2.8, yolemera pafupifupi kilo imodzi ndi theka, imene aliyense ankati ukakhala nayo ndiye kuti wafikapo. Lenzi imeneyo ndi yabwino, sindikuinyoza ayi. Vuto linali ine. Ndinazolowera kuima patali, kukokera pa 200, kutsegula kabowo ka lenzi mpaka pamapeto pa f/2.8, nkhope ya munthu nkutuluka bwinobwino kumbuyo konse kuli chimbuuzi chosalala. Mukaima mamita asanu kuchokera pa munthu ndi setingi imeneyo, malo amene amaoneka bwino ndi masentimita pafupifupi 10 okha, zina zonse zimasungunuka. Anthu amachikonda chithunzi chotere, ndikaposta ma like amabwera, ine nkumati ndakula pa luso. Ndinachita zimenezo zaka zinayi, munthu aliyense chimodzimodzi, mwana, mkwati, nkhalamba, onse nkhope yoyandama pa chimbuuzi.

Agogo anga aakazi ndinawajambula kambirimbiri m'zaka zimenezo. Iwo anali ndi mpando wawo pafupi ndi windo lina limene galasi lake linali losweka pakona, ndipo masana aliwonse ankakhala pamenepo kusoka, akafuna kulowetsa ulusi m'singano ankakweza manja onse awiri kuloza kuwindoko, diso limodzi atatsinzina, zala zawo zotupa m'mfundo zikunjenjemera pang'ono. Pambali pawo pankakhala kawailesi komangidwa ndi waya kuti batire lisagwe. Atamwalira, mayi anga anandiuza kuti iwe wojambula tipatse chithunzi cha amayi ali pamalo pawo paja. Ndinafufuza usiku wonse. Ndinapeza zithunzi zawo zoposa 200, zonse nkhope yokha, yokongola ndithu, koma mpando mulibe, windo mulibe, manja aja mulibe, wailesi mulibe. Zinthu zonse zimene zinkawapanga kukhala agogo anga ndinazifufuta ndekha ndi lenzi yanga yodula ija ndikuganiza kuti ndi zinyalala za kumbuyo. Chithunzi chimene chili pakhoma kwa mayi anga lero anajambula msuweni wanga ndi foni yotchipa, ndi chopendekeka, kuwindo kwayera mopitirira, koma agogo ali momwemo ndi singano yawo m'manja. Mpaka pano ndikachiona mtima umandipweteka.

Nchifukwa chake ndikakumvani mukuti zithunzi zikufanana, ndikukayikira kuti mwapeza njira imodzi imene imakuyenderani ndipo dzanja lanu limangothamangira komweko maso asanaone nkomwe. Mwina kwa inu si chimbuuzi, mwina ndi kujambula dzuwa likulowa, mwina ndi mtundu umodzi wa kaeditidwe, koma matenda ake ndi amodzi.

Chimene chinandichiritsa ine ndi ichi, ndipo ndi chomwe ndikukupemphani kuti muyese. Lenzi yaikulu ija ndinaitsekera m'kabati, nkuika ya 50mm yosakoka, yakalekale, imodzi mwa malenzi otchipitsitsa amene alipo, ndipo ndinalumbira kuti chaka chathunthu zithunzi zanga za ine mwini ndizijambula ndi yomweyo basi, nthawi zambiri nditachepetsa kabowo ka lenzi pa f/8 kuti kumbuyo kuzionekanso. Miyezi iwiri yoyamba zithunzi zinali zoipa kwambiri, mitengo ikumera pamitu pa anthu, ndowa ndi mawaya zikulowerera paliponse, chifukwa ndinali ndisanaphunzirepo kuyang'ana m'mphepete mwa chithunzi. Pamene palibe chimbuuzi chokubisira, umakakamizika kusuntha mapazi, kugwada, kupita kumanzere sitepe imodzi, kudikira kuti munthu wakumbuyo uja adutse kapena afike pamalo pabwino. Komanso umayenera kufika pafupi ndi munthu, kumupatsa moni, kumupempha, nde chithunzi chimatuluka cha munthu amene akudziwa kuti ulipo ndipo wakulola. Ngati kamera yanu ndi ya sensa yaing'ono, 35mm ikupatsani pafupifupi zomwezo, ndipo ngati muli ndi zumu yokha ija yobwera ndi kamera, ikani pa nambala imodzi nkumatapo tepi kuti isasunthe. Palibe chogula apa.

Izi si nzeru zanga ayi. Henri Cartier-Bresson, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe la ojambula zithunzi la Magnum mu 1947, anajambula gawo lalikulu la moyo wake ndi kamera ya Leica ndi lenzi ya 50mm, ndipo sankafuna kuti zithunzi zake zizidulidwa m'mbali, zimene waika m'chithunzi pojambula zikhale zomwezo. Koma amene ine ndimamukonda kwambiri ndi Seydou Keïta wa ku Bamako m'dziko la Mali, amene anatsegula situdiyo yake mu 1948. Bambo ameneyu ankajambulira pabwalo ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo atapachika nsalu ya maluwamaluwa, munthu atavalanso zovala za maluwa, wina atagwira wailesi, wina atatsamira njinga yamoto. Aliyense wa masiku ano akanati kumbuyoko kwadzaza, kufufuteni, koma kayang'aneni zithunzi zake pa intaneti muone mmene nsalu ndi chovala ndi kaikidwe ka manja zikugwirizanirana. Iye sankabisa kumbuyo, ankakukonza.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene achinyamata ambiri safuna kumva, luso lalikulu lili pa kusankha. Wojambula wina, Robert Frank, anayenda dziko la America mu 1955 ndi 1956 nkujambula zithunzi pafupifupi 27,000, koma m'buku lake analowetsamo 83 zokha. Werengerani nokha, ndi chimodzi pa zithunzi zoposa 300. Ife timajambula 400 Loweruka, Lamlungu taposta 40, Lolemba tayiwala. Diso silingakule choncho chifukwa simunakhale pansi nkudzifunsa kuti pa ziwiri izi zofanana, chabwino nchiti ndipo chifukwa chani.

Chitani chonchi. Bwererani m'zithunzi zanu za zaka zitatuzo, musatenge zimene zinalandira ma like ambiri, tengani zimene inuyo mumaima pang'ono mukamadutsa, ngakhale zili zosawala bwino, ngakhale simunazionetse munthu. Zikwane 40 kapena 50. Kazitsukitseni tating'onoting'ono papepala, osati kuziona pa sikirini, chifukwa pa foni mumaona chimodzi chimodzi ndipo chilichonse chimawala ngati chabwino. Ziyaleni pansi zonse pamodzi kapena muzimate pakhoma la kuchipinda kwanu, zikhale pamenepo masabata awiri, muzidutsapo mmawa ndi madzulo. Zina zidzayamba kukutopetsani pa tsiku lachitatu, zichotseni. Zimene zidzatsale mudzaona kuti zili ndi kanthu kofanana kamene simunkakadziwa. Ine nditachita zimenezi ndinapeza kuti zotsala zanga pafupifupi zonse zinali ndi manja a anthu akugwira ntchito ndiponso anthu ataima pakhomo, theka ali m'kuwala theka ali mumdima. Sindinakhalepo pansi nkusankha kuti ndizijambula manja ndi makomo, zinali momwemo kale, ine ndinkangozikwirira ndi zithunzi zosangalatsa anthu. Chimene anthu amachitcha sitayilo chimapezeka choncho, m'mulu wa zithunzi zanu zomwe.

Apa ndikuchenjezeninso za ma preset aja. Preset anaipanga munthu wina, pa chithunzi chake, pa kuwala kwake, ndipo zambiri anazipangira khungu loyera. Mukaiika pa munthu wakhungu lakuda mudzaona nkhope ikusanduka yofiirira ngati njerwa kapena yotuwa ngati wadwala, udzu nkukhala wofota, mitambo yabuluu wachilendo. Choipa kwambiri nchakuti anthu ena mazana akugwiritsa ntchito yomweyo, nde mudzachoka pa kufanana ndi inu nokha nkupita pa kufanana ndi aliyense. Phunzirani kaye zinthu zinayi, exposure (kuchuluka kwa kuwala), white balance (kuti choyera chizioneka choyeradi), contrast (kusiyana kwa powala ndi pakuda) ndi kuwalitsa kapena kudetsa mbali imodzi ya chithunzi, zimenezo zikukwanirani kwa nthawi yaitali. Ndipo musamafufute zithunzi pa kamera pomwepo mukangojambula, kasikirini kaja kamanamiza, komanso nthawi imene mwaweramira kumbuyo kwa kamera ndi imene chinthu chenicheni chimachitika patsogolo panu.

Ma like nawonso samalani nawo. Pa Facebook ndi Instagram munthu amapatsa chithunzi sekondi imodzi chala chili kale pa ulendo, nde chimene chimapambana ndi mitundu yowala ndi nkhope yaikulu pakati. Chithunzi chofuna kuti munthu achiyang'ane modekha, chokhala ndi zinthu zitatu zikuchitika m'makona osiyana, kumeneko chimafa. Mukamalola kuti manambala amenewo akusankhireni, pakatha chaka mudzakhala mukujambula zofuna chala cha anthu. Pezani munthu mmodzi kapena awiri amene amadziwa zithunzi ndipo sakuopani, muziwaonetsa zapapepala zija, akakhala chete nthawi yaitali pa chithunzi china dziwani kuti pamenepo pali kanthu.

Chomaliza pa nkhani ya disoyi, sankhani chinthu chimodzi chapafupi chimene mungabwerereko ka 50 osalipira ulendo. Munthu mmodzi wa m'banja mwanu, msewu umene mumadutsa tsiku lililonse, munthu wina amene amagwira ntchito yamanja pafupi nanu ngati wakulolani. Maulendo asanu oyamba mudzajambula zimene aliyense angajambule. Ulendo wa 15 mudzatopa nkumati palibenso chatsopano, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri amasiyira, koma mukapirira mudzayamba kuona kuti 7 koloko mmawa kuwala kumalowa chopingasa nkuonetsa makwinya onse a khoma, masana kumagwa kuchokera pamwamba nkusiya maenje akuda m'maso mwa munthu, ndipo munthu uja wasiya kukuonerani, wabwerera ku ntchito yake ngati palibe kamera. Ngati muli ndi makolo kapena agogo amoyo yambirani pomwepo sabata ino, ndipo bwererani m'mbuyo masitepe atatu kuti mpando ndi khoma ndi manja zilowe.

Kanthu kena kosakhudzana kwenikweni ndi funso lanu, zithunzi zanu zikhale malo awiri osiyana, hard drive imodzi si malo osungira, ikhoza kufa tsiku lina lililonse popanda kutsanzika, ndipo memori kadi musamaifomate musanatsimikize kuti makope onse awiri akutseguka.

Mukamaliza kuyala zithunzi zija pansi, jambulani ndi foni mulu wonse mmene ulili nkuponya muno m'gulu, ndidzakuuzani zimene ine ndikuonamo, koma mutumize pamodzi ndi zija munkachita nazo manyazi kuposta.