Firewall ikulowa pa intaneti, koma makompyuta a m'shopu akukana

FUNSO: Akonzi, ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata ku Mbare kuno ku Harare, ndipo makompyuta alipo 6. Mwana wa mchemwali wanga anasandutsa kompyuta yakale ya Linux kukhala firewall, yoti izilondera uthenga wolowa ndi wotuluka pa netiweki, n'kuikamo makhadi a netiweki awiri: eth0 yopita ku rauta ya kampani yotigulitsa intaneti, ndi eth1 yopita ku switch (kabokosi kolumikiza makompyuta onse) ya m'shopu. Firewall imatsegula masamba bwinobwino, koma makompyuta enawo amangozungulira osatsegula kanthu, ndipo mnyamatayo anabwerera kusukulu ku Bulawayo. Chalakwika n'chiyani? Bambo wa ku Mbare.

YANKHO: Bambo, mmene mwafotokozeramu zikuoneka kuti mwana wanuyo anasiya ntchito itatsala pang'ono kutha, ndipo chimene chikusowa ndi NAT, njira yochititsa makompyuta ambiri kutulukira pa adiresi imodzi.

Maadiresi a IPv4, manambala ozindikiritsa makompyuta pa intaneti, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo bungwe la IANA, loyang'anira maadiresiwa padziko lonse, linagawa otsiriza mu February 2011, moti ku Africa kuno otsalawo amawagawa mosamala a bungwe la AFRINIC la ku Mauritius. N'chifukwa chake makompyuta a m'shopu amapatsidwa maadiresi a m'kati oyamba ndi 10, kapena 172.16 mpaka 172.31, kapena 192.168, amene pa intaneti sadziwika. Kompyuta ya 192.168.10.5 ikapempha tsamba, pempholo likatuluka lili ndi adiresi yomweyo, yankho limasowa kobwerera. Ntchito ya NAT ndiyo kufufuta adiresi imeneyo, kulembapo ya firewall, n'kusunga m'kaundula nambala ya port, kapena kuti khomo, imene pempholo latulukira, kuti yankho likabwera lipite kwa mwini wake osati kwa kompyuta yoyandikana nayo.

Yambani ndi kulola Linux kuti izidutsitsa uthenga pakati pa makhadi awiriwo, pakuti ikangoikidwa kumene sichita zimenezi. Tsegulani fayilo ya /etc/sysctl.conf, onetsetsani kuti muli mzere wakuti net.ipv4.ip_forward=1 wopanda chizindikiro cha # kumayambiriro, kenaka lembani sysctl -p. Mukatero lembani lamulo ili la iptables, pulogalamu yoikira malamulo a firewall, kuti NAT iyambe kugwira ntchito:

iptables -t nat -A POSTROUTING -o eth0 -j MASQUERADE

Samalani pa eth0 pamenepo, chifukwa ambiri amalembapo khadi la m'kati n'kutha tsiku lonse akusinthasintha zingwe. Ine ndimakonda MASQUERADE kuposa SNAT, njira ina ya NAT, pa shopu ngati yanuyi, popeza imadzitengera yokha adiresi imene eth0 ili nayo nthawi imeneyo, pomwe SNAT imafuna adiresi yosasintha. Onaninso ndi iptables -L FORWARD ngati uthenga wochokera ku eth1 sukutayidwa panjira.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale odziwa ntchito. Marauta ambiri amabwera atakonzedwa kale pa 192.168.1.1, ndipo ngati mnyamatayo anapatsanso eth1 adiresi yoyamba ndi 192.168.1, firewall siingasiyanitse kunja ndi m'kati. Zikakhala choncho ipatseni eth1 adiresi ya 192.168.10.1, makompyuta a m'shopu akhalenso ndi maadiresi oyamba ndi 192.168.10, ndipo 192.168.10.1 muilembe ngati gateway, kapena kuti khomo lotulukira, pa kompyuta iliyonse. Yesani ping 8.8.8.8 pa imodzi mwa izo, kuti muone ngati ikufika pa intaneti: ikayankha koma masamba osatseguka, kawirikawiri vuto limakhala pa DNS, imene imasandutsa maina a masamba kukhala maadiresi.

Musaganize kuti NAT ndi mlonda. N'zoona kuti munthu wakunja savutika pang'ono kuti afike pa makompyuta anu, koma kutseka zitseko ndi ntchito ya malamulo a INPUT ndi FORWARD, osefa uthenga wolowa mu firewall ndi wodutsamo, amene mnyamatayo akabwera patchuthi muwaone naye limodzi.

Malamulo a iptables amafufutika kompyuta ikazima, ndipo za kuzimazima kwa magetsi kuno simufuna wokuuzani. Ngati muli ndi Debian kapena Ubuntu, ikani iptables-persistent, lembani netfilter-persistent save, kenaka zimitsani firewall mwadala n'kuyatsanso makasitomala asanafike, kuti muone ngati lamulo la MASQUERADE lidakalipo.