Chilembo chimodzi, pepala lonse: yankho kwa aphunzitsi a ku Chilomoni

Mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya mkaka ku Chilomoni wanditumizira imelo. Ana amene amawaphunzitsa akutsanzikana ndi sukuluyo mwezi wamawa, ndipo akufuna kupachika mawu akuti TAKULANDIRANI pachingwe, chilembo chilichonse papepala lakelake. Vuto lake ndi lakuti mu Word manambala okulitsira zilembo amathera pa 72, ndiye chilembocho chikungokhala kakang'ono pakona. Akufunsa kuti atani kuti chidzaze pepala.

Zikomo aphunzitsi. Poyamba dziwani kuti 72 si malire. Ndi pomwe pathera mndandanda wokha. Dinani m'kabokosi ka nambalako, fufutani 72, lembani nambala yanu n'kudina Enter. Word imalola mpaka 1638. Ngati mumagwiritsa ntchito Google Docs, kumeneko malire ndi 400 basi.

Musanakulitse chilichonse, pitani pa Layout, kenako Size, musankhe A4. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America, lomwe ndi lalifupi komanso lotambalala pang'ono kuposa lomwe timagula m'masitolo a ku Limbe ndi m'tauni muno. Pa Margins sankhani Narrow.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa apa m'pamene ambiri amakhumudwira. Manambala okulitsira zilembo aja amatchedwa mapoyinti, ndipo mapoyinti 72 ndi masentimita 2.54. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, kutanthauza mapoyinti pafupifupi 842 kuchoka pamwamba kufika pansi. Munthu angaganize kuti akalemba 842 ndiye kuti zatheka. Ayi ndithu. Nambalayo siyeza chilembo chokha, imaphatikizapo malo opanda kanthu amene amasiyidwira michira ya zilembo ngati g ndi y, ndipo Word imawonjezeranso mpata wa mzere. Mukapyola muyezo, chilembo chimadulidwa mutu kapena chimakusiyirani mapepala opanda kanthu pakati. Ndi Arial yonenepetsedwa ndi Bold, zilembo zonse za TAKULANDIRANI zimakwana pa 650. Mukayeza ndi lula mupeza kuti chilembocho ndi chotalika masentimita 16 okha, koma munthu wokhala kumbuyo kwa holo achiwerenga bwinobwino. Dinani Ctrl ndi E kuti chikhale pakati, ndipo mu Page Setup, pa Layout, ikani Vertical alignment pa Center. Mukamaliza chilembo chimodzi ingodinani Enter kamodzi, chotsatiracho chidzatsikira chokha patsamba lina.

Mawu anu ndi osavuta chifukwa mulibe W kapena M. Zilembo ziwirizi n'zotambalala, moti W sakwana mukapyola 550. Tsiku limene mudzalembe MALAŴI, yambani ndi chilembo chotambalala kwambiri, nambala yomwe chakwanirapo ikhale ya zonse. Ŵ wa kadenga mumamupeza polemba 0174 kenako n'kudina Alt ndi X pamodzi.

Ngati mukufunitsitsa kuti chilembo chifike kumwamba ndi pansi, njira ndi WordArt. Pitani pa Insert, sankhani WordArt, lembani chilembo chimodzi. Pa Shape Format dinani Text Effects, kenako Transform, musankhe kalembedwe kotchedwa Square. Kuyambira pamenepo chilembo chimatsatira bokosi lake: mukakoka bokosi, nacho chimatamuka. M'malo mokoka ndi dzanja, lembani muyezo pa Size, masentimita 26 kutalika ndi 18 m'lifupi. Mu LibreOffice chida chofanana nacho chimatchedwa Fontwork.

Koma apa ndikupempheni chinthu chimodzi, makamaka poti owerenga anu ndi ana amene akungoyamba kuzindikira zilembo. Musakakamize chilembo chilichonse kudzaza pepala mbali zonse. Mawu anuwa ali ndi I muwiri. Mukamukoka I mpaka masentimita 18, sakhalanso I, amasanduka chitseko chakuda bii, ndipo mwana amene mwamuphunzitsa chaka chathunthu sangamuzindikire. Chofunika n'chakuti zilembo zonse zifanane kutalika. M'lifupi chilichonse chikhale monga chinabadwira, I akhale wowonda, masentimita 4 akwana, pepala lake likhale ndi malo oyera uku ndi uku. Zikapachikidwa pachingwe, diso limaona mzere wowongoka, siliwerenga malo otsala.

Nkhani ya inki nayo musaiphonye. Mapepala 13 akuda kotheratu amamwa inki yambiri, ndipo opulinta ena amakweza mtengo akaona ntchito yotere. Pa Text Fill sankhani No Fill, pa Text Outline musankhe mtundu wakuda ndi mzere wokhuthala. Chilembo chidzatuluka chili m'mbali mokhamokha, m'kati muli moyera. Ine ndikanakhala inu ndikanawapatsa anawo makrayoni kuti apake okha, aliyense chilembo chake, makolo adzaone ntchito ya manja a ana awo ili pamwamba pa khomo.

Pomaliza kukonza, sungani ntchitoyo ngati PDF musanaiike pa fulashi. Kompyuta ya kopulintitsa ikakhala ndi Word ina kapena ikasowa mtundu wa zilembo womwe mwasankha, zonse zimasuntha, koma PDF imatuluka momwe mwaisiyira. Apempheni apulinte pepala limodzi kaye, la A, mulione ngati miyendo yake sinadulidwe m'mphepete, kenako apitirize ndi 12 otsalawo.