Kodi pulezidenti angachepetse boma payekha?

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mwagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo nkhani ya Javier Milei wa ku Argentina, uja ankachita misonkhano atanyamula macheka a injini, yakusowetsani tulo. Mukufunsa ngati pulezidenti wokhulupirira kuti boma lizikhala laling'ono, losalowerera pa chuma cha anthu, angalidule mmene akufunira, komanso chomwe chingamuteteze wantchito ngati inu.

Kudula angadule ndithu, koma pali pomwe cholembera chake chimathera. Tiyeni tione zomwe zinachitikadi kumeneko.

Milei analumbira pa 10 Disembala 2023, ndipo nthawi yomweyo maunduna anachoka pa 18 kufika pa 9. Apa sanavutike, poti kusanja nduna ndi chinthu chapafupi ndi dzanja la pulezidenti. Mavuto anayamba atafuna kukhudza zinthu zomwe zinakhazikitsidwa ndi lamulo. Chomwe Nyumba ya Malamulo inamanga, ndi Nyumba yomweyo imene imamasula, ndipo chipani chake chinali ndi aphungu 38 okha mwa 257 m'nyumba yoyamba, ndi masenetala 7 mwa 72 m'nyumba yachiwiri yotchedwa Seneti.

Poona kuchepa kumeneku, pa 20 Disembala anatulutsa chilamulo chadzidzidzi chotchedwa DNU 70/2023, cha ndime 366. Gawo 99 la malamulo aakulu a dzikolo limalola pulezidenti kutero zinthu zikathina, koma limamuletsa kukhudza misonkho, milandu yaupandu, zisankho ndi zipani. Mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito, CGT, unathamangira kukhoti, ndipo mu Januwale 2024 khoti la apilo loona za ntchito linaimitsa mutu wonse wokhudza ufulu wa ogwira ntchito. Mu Malichi Seneti inachikana chilamulocho, koma sichinagwe, chifukwa lamulo lakumeneko limafuna kuti nyumba zonse ziwiri zikane. Kunena zoona, bambo, ine lamulo limenelo silindisangalatsa. Limachititsa kuti kulamula mwadzidzidzi kukhale kophweka kuposa kupempha aphungu, zomwe ndi kutembenuza zinthu chadodolido.

Bilu yake yaikulu inalowa m'Nyumba ili ndi ndime 664, n'kubwezedwa mu Febuluwale. Inadzadutsa mu Juni 2024 itaonda kwambiri, ndipo ku Seneti mavoti anafanana, 36 uku 36 uku, mpaka wachiwiri wake Victoria Villarruel ndiye anadula mlandu. Makampani a boma omwe ankafuna kugulitsa anachoka pa 41 kutsala 8, kampani ya ndege ya Aerolíneas Argentinas itachotsedwa pamndandanda. Banki yaikulu ya dziko, yomwe analonjeza kuti aitseka, sanaitseke.

Ndiye mpeni weniweni unali pati? Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa anthu ambiri amayang'ana macheka aja n'kuphonya zenizeni. Lamulo la ku Argentina limati bajeti yatsopano ikapanda kuvomerezedwa, boma lipitirize ndi yakale. Milei anayendetsa 2024 ndi 2025 pa bajeti ya 2023, chaka chomwe mitengo ya zinthu inakwera ndi 211 peresenti. Ganizirani nkhalamba yapenshoni itaima pakauntala ya sitolo ya mankhwala, ndalama m'manja zawonjezekako pang'ono, koma yabweza botolo limodzi mwa awiri omwe dokotala analemba. Palibe anaifufuta m'kaundula, palibe kalata yomwe ingapite nayo kwa loya. Ntchito zomanga misewu zinaima, ndalama zopita kuzigawo zinachepa, ndipo pakutha pa 2024 boma linatsala ndi ndalama m'thumba koyamba patadutsa zaka zoposa khumi. Kudula kwa mtundu umenewu n'kovuta kukutsutsa m'khoti, ndipo n'kumene kumandipweteka mtima kwambiri, poti kumagwera anthu opanda mawu.

Aphungu atayesa kukweza penshoni ndi ndalama za mayunivesite mu 2024, iye anakana kusainira. Kuti kukana kwake kugonjetsedwe pamafunika magawo awiri mwa atatu a nyumba iliyonse, choncho aphungu ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu m'nyumba imodzi yokha anamukwanira. Mu Seputembala 2025 mpamene aphungu anakwanitsa kumugonjetsa, pa lamulo lothandiza anthu olumala.

Tsopano za wantchito. Gawo 14 bis la malamulo aakulu a Argentina limateteza wogwira ntchito m'boma wolembedwa mokhazikika kuti asachotsedwe chisawawa. N'chifukwa chake nkhwangwa inayambira pa anthu apakontirakiti: tsiku lotha kontirakiti likafika, sankaiwonjezera, basi.

Kuno kwathu ku Malawi, amene angabwere ndi maganizo otere adzakumana ndi mipanda yofanana. Gawo 43 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu woti chiganizo cha boma chokukhudzani chikhale chotsata lamulo ndi chilungamo, ndipo akupatseni zifukwa zake polemba. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limafuna chifukwa chomveka munthu asanachotsedwe. Musadzinamize, kuchepetsa antchito chifukwa cha kayendetsedwe ka ntchito ndi chimodzi mwa zifukwa zololedwa, koma ndondomeko iyenera kutsatidwa ndipo zonse zomwe munagwirira akulipireni.

Mawa lomwe fufuzani kalata yomwe anakulemberani ntchito ndi ija yokutsimikizani paudindo, muone ngati ndinu wokhazikika kapena wapakontirakiti. Zijambulitseni pamodzi ndi mapepala a malipiro, musunge kunyumba, osati m'dirowa ya kuofesi. Kalata yokuchotsani ikadzabwera, musadzasainire pepala lililonse lonena kuti mwakhutira musanalionetse kwa loya kapena bungwe lanu la antchito. Dandaulo kwa ofesala wa zantchito wa m'boma lanu liyenera kufika pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa, ndipo likakanika kumeneko limapita kukhoti loona za ntchito. Ndaonapo anthu a milandu yabwino akutaya zonse chifukwa chodikira kuti abwana asintha mtima, miyezi itatu n'kuwathera ali pakhomo.