TV yanu sinafe, Mayi, musathamangire ngongole

Makalata atatu amene ndasankha sabata ino akukhudza wailesi yakanema. Ndiyamba ndi ya mayi a ku Ndirande chifukwa ndi imene ikununkha ngongole.

"Alangizi, ine ndimagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pafupi ndi msika. Pakhomo tili ndi TV yakale, ija yotupa kumbuyo, imene anagula malemu amuna anga. Inasiya kalekale kugwira MBC, imangoonetsa timadontho n'kumalira kuti shiii, moti ana amangoonerapo ma DVD. Mwana wanga wachisamba akuti TV imeneyi inatha ntchito chifukwa zonse zinapita ku dijito, ndiye ndigule pulazima. Kubanki m'khonde angandibwereke K250,000, chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Kodi nditenge?"

Musatenge, Mayi. Mwana wanu wanena zoona theka, theka linalo waphonya. Ngati TV yanu ikuonetsa ma DVD bwinobwino, ndiye kuti galasi ndi lamoyo, sipika ndi yamoyo, mabowo olowetsa mawaya kumbuyo kuja ndi amoyo. Chimene chinatha ntchito ndi kachipangizo kamodzi m'kati mwake, kamene kankakola mafunde akale a analogi. Mafundewo ndi amene anasintha, osati TV.

Nkhaniyi inachokera kutali. Mu 2006, ku Geneva, maiko a mu Africa ndi ku Ulaya anagwirizana pansi pa ITU, bungwe loona za mafunde a mawailesi ndi mafoni padziko lonse, kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasamukira ku dijito. Ambiri anachedwa, koma njira inali yomweyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kale kanema mmodzi ankadya yekha mpata wonse wa mafunde, pamene pa dijito mpata womwewo umanyamula makanema oposa khumi. N'chifukwa chake ife amene tinakula tikudziwa TVM yokha, ija inayamba mu 1999, lero tikusankha pakati pa MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ndi ena. Mpata wotsalawo unapita ku makampani a mafoni. Kuno kwathu boma linakhazikitsa kampani ya MDBNL kuti izinyamula makanema a m'dziko muno, ndipo dikoda yake ndi ija mumaimva kuti Kiliye Kiliye.

Ndiye chimene mukufunika ndi dikoda, eriyo yapanja ndi waya wake. Dikoda imakola mafunde atsopanowo n'kuwasandutsa chithunzi, kenako imachipereka ku TV yanu kudzera pa mawaya atatu aja, wachikasu, woyera ndi wofiira, omwewo amene mumalumikizira DVD. Mtengo wa zonsezi sufika n'komwe pafupi ndi wa pulazima. Pogula, tembenuzani dikodayo muone kumbuyo ngati ili ndi mabowo atatuwo, pakuti zina zamakono zimabwera ndi bowo la HDMI lokha, limene TV yanu ilibe.

Tsopano tiwerengere ngongole ija. K20 pa K100 iliyonse, pa K250,000, ndi K50,000 mwezi uliwonse, musanabweze n'komwe tambala ya ndalama imene munatenga. Mudzifunse kuti ndi mabeseni angati a mandasi amene phindu lake limakwana K50,000, ufa, mafuta ndi shuga zili pa mtengo wa lero. Ngongole ya banki m'khonde imakoma ikalowa mu chinthu chobereka, monga thumba la ufa kapena chigubu cha mafuta. TV ya pabalaza sibereka. Imangodya.

Wina adzakuuzani kuti TV yakale imadya magetsi kwambiri, choncho pulazima idzadzilipira yokha. Zoona imadya, koma tiyeni tione kuchuluka kwake. Tinene kuti yanu imakoka mawati 80 ndipo yatsopano ingakoke 40. Mukamaonera maola 5 patsiku, yakale idya mayunitsi 12 pamwezi, yatsopano 6. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 6 basi. Mungadikire zaka zambirimbiri kuti mayunitsi amenewo abweze K250,000.

Pamene pagona nkhani yeniyeni si pa mtengo wa dikoda ayi, koma pa zimene dikodayo idzakupemphani mwezi ndi mwezi. Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Dikoda za makampani olipiritsa nthawi zambiri zimatsika mtengo dala, nthawi zina mpaka kukupatsani mwezi woyamba waulere, chifukwa akudziwa kuti ndalama yawo adzaipeza kutsogolo. Walira mvula walira matope. Tingoyerekeza kuti phukusi limene mwasankha ndi K10,000 pamwezi: pachaka ndi K120,000, pa zaka zitatu ndi K360,000, kuposa pulazima imene tikuikana ija. Ndipo mitengo ya makanema akunja imatsatira dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa kunja chinakwera, ndipo mpira wa ku England ndi mafilimu nazonso n'zogula kunja.

Choncho musanatulutse ndalama, funsani wogulitsayo mafunso awa, ndipo ayankhe dikoda ili yoyaka pamaso panu. Ndikapanda kulipira mwezi uno, ndi makanema ati amene atsale akuoneka? Ndikakhala miyezi itatu osalipira, potsegulanso mudzandilipiritsa chiyani? Ikafa mwezi usanathe, ndibwere nayo kwa yani? Safunsa anadya phula. Lisiti mutenge, ndipo palembedwe nambala ya dikodayo.

Kanthu kena ka kwanu ku Ndirandeko. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, Ndirande uko, Soche uko, Michiru, Mpingwe, Bangwe, ndipo mafunde a TV sakonda phiri kapena nyumba yaitali pakati. Pa analogi siginolo ikafooka munkaonabe chithunzi cha mchengamchenga, n'kumazindikira kuti uyu ndi wowerenga nkhani. Dijito ilibe chifundo chotero: chithunzi chimakhala choyera kuti mbee, apo ayi chimaima, n'kusweka timabokosi, n'kuzimiririka. Anthu ambiri amabweza dikoda yabwinobwino kumati ndi yakufa, pamene vuto ndi eriyo imene aipachika pawindo. Yendani kaye kwa anansi awiri kapena atatu, muone dikoda imene ikuwagwirira bwino ndi kumene eriyo zawo zaloza. Yanu muikweze pa nsungwi kapena paipi yaitali pamwamba pa denga, ndipo pa waya musaumire, gulani wabwino wopanda mfundo pakati. Ndalama yotsala ipite ku ufa.

Kalata yachiwiri yachokera kwa achimwene a ku Bangwe.

"Ndili ndi barbershop koma kumbuyo kuli chipinda chongokhala. Ndikufuna kutsegula vidiyo sho yoonetsa mpira. Ndasunga K600,000. Mnzanga akundigulitsa TV yaikulu ya kaunjika, akuti ndi ya dijito kale, sifunika dikoda. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambirani pa mawu a mnzanuwo. Kupyapyala kwa TV si umboni woti imakola dijito ya kuno. Maiko a SADC ambiri, Malawi pamodzi, anasankha mtundu wotchedwa DVB-T2. Ku Japan amagwiritsa ntchito ISDB-T, ku America ATSC, ndipo ma TV ambiri akale a ku UK ali ndi DVB-T yopanda 2 kumapeto. Zonsezi ndi dijito ndithu, koma sizimvana chinenero. Ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Ndinagulapo TV yokongola kwa wogulitsa wina, nayenso ankalumbira kuti ndi ya dijito, ndipo sananame, kungoti inali dijito ya dziko lina. Mpaka lero imagwira ntchito ndi dikoda pambali. Yang'anani pa chipepala chomata kumbuyo kapena mu menyu, mupeze zilembo zoti DVB-T2. Onaninso mphamvu ya magetsi: za ku Japan ndi ku America zina zimafuna mavoti 100 kapena 120, pamene a ESCOM ndi 230, ndiye mukangolumikiza popanda chotsitsira mphamvu mumva fungo.

Komabe pa bizinesi yanuyi nkhani imeneyo ndi yaing'ono, chifukwa ngakhale TV itakhala ya DVB-T2, mpira umene anthu amalipirira pakhomo suuluka mwaulere. Arsenal, Manchester United, Chelsea ndi Liverpool zili pa makanema olipira. Dikoda mugula basi, kaya ya eriyo ngati GOtv kapena ya dishi ngati DStv, ndipo muonetsetse kuti phukusi limene mukulipira lili ndi masewero amene anthu a ku Bangwe amafuna, osati amodziamodzi.

Dziwaninso kuti phukusi la pakhomo ndi la pakhomo. Kuonetsa gulu n'kumalipiritsa kuli ndi mgwirizano wakewake wa bizinesi, ndipo mtengo wake ndi wina. Pitani ku ofesi yawo mukafunse musanakhome mabenchi. Mufunikanso chiphaso cha bizinesi ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, ndipo ngati masana muziika mafilimu ndi nyimbo, a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, nawo ali ndi gawo lawo. Ambiri amazemba zimenezi, ndikudziwa. Koma tsiku limene adzakunyamulireni TV, mudzataya zambiri kuposa chiphasocho.

Tsopano tengani pepala. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo enieni. Phukusi K90,000, magetsi K15,000, mnyamata wapakhomo K30,000, ndipo chipindacho, ngakhale n'chanu, chiwerengereni K40,000 imene mukanalandira mukanachita lendi. Zonse pamodzi K175,000 pamwezi. Pakhomo mukamalipiritsa K300, mufunika anthu 584 pamwezi kuti mungobweza zimene mwalowetsa. Ngati masiku a mpira wokoka anthu ali 12 pamwezi, ndiye anthu pafupifupi 49 tsiku lililonse la mpira. Kodi chipinda chanucho chimalowa anthu angati atakhala mopanikizana? Ngati ndi 30, nkhani yatha pomwepo, pokhapokha mukweze mtengo, muonetse masewero awiri kapena atatu patsiku aliyense ndi mtengo wake, kapena mupeze ndalama ina m'chipinda momwemo. Eni mavidiyo sho ochenjera amadyera pa zinthu zapambali: kutchaja mafoni, mafiriziwesi, mtedza, chimanga chokazinga. Inu muli ndi mwayi wina, woti munthu wobwera kudzaonera mpira akhoza kumetetsa akudikira kuti uyambe.

Pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa mavidiyo sho. Choyamba ndi Juni ndi Julayi. Ligi ya ku England imatha mu Meyi n'kuyambanso mu Ogasiti, ndipo chaka chopanda World Cup kapena mpikisano wina waukulu mabenchi amakhala okhaokha. Masewero a Maule ndi Manoma akamaonetsedwa pa kanema wa kuno amathandiza, koma ali pa Kamuzu Stadium ambiri amakonda kukaonera ndi maso. Ndalama ya miyezi iwiriyo muziipatula nthawi ya zokolola. Chachiwiri ndi magetsi. Akathima mpira uli pakati, anthu amafuna ndalama zawo, ndipo sabata yotsatira amapita kwa mnzanu amene ali ndi batire. Pa K600,000 yanuyo, ine ndikanagula TV yocheperako kuti patsale ya batire ndi inveta. TV ya mainchesi 43 yosazima imaposa ya mainchesi 65 yozima pa penate.

Musaiwalenso zimene zinachitika mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice, kampani ya eni DStv, inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni m'dziko muno. Inabwereranso patapita miyezi, koma amene bizinesi yawo yonse inatsamira pa dikoda imodzi anagona ndi nkhawa. Barbershop musaitseke, ndipo ndalama zake musazisakanize ndi za vidiyo sho, kuti muzidziwa imene ikudyetsa inzake.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa mtsikana wa ku Chilomoni amene anamaliza maphunziro a zamagetsi. Akufunsa ngati angaike K200,000 yake mu kuoda madikoda kuti azigulitsa ku Limbe.

Achemwali, ayi. Dikoda munthu amagula kamodzi n'kukhala nayo zaka, phindu pa imodzi ndi lochepa, ndipo masitolo akuluakulu a ku Limbe komweko amaoda zambiri pa mtengo umene inu simungaupeze. Kampani ikangotsitsa mtengo pa malonda apadera, katundu wanu wagona. Ndalama ili pa ntchito ya manja imene mwaphunzirayo. Werenganinso kalata ya mayi a ku Ndirande ija: anthu otere ndi ambiri, ndipo chimene akusowa ndi munthu woti akwere padenga, aloze eriyo koyenera, asinthe waya wolowa madzi, akonze dishi imene yapotoka ndi mphepo ya Chiperoni. Gulani makwerero, kamita koyezera siginolo, waya mpukutu umodzi, timitu take, ndi zida zamanja. Sungani maadaputala ndi marimoti ochepa, chifukwa zimenezo ndi zimene zimafa kawirikawiri, makamaka magetsi akabwera mwamphamvu atathima. Siyani nambala yanu m'masitolo ogulitsa madikoda, ndipo nyumba iliyonse imene mwagwirako ntchito matani kapepala ka nambalayo pansi pa dikoda. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, foni yanu iyamba kulira.